Marodi: Ndodo Zotsegulira Paipi Chimbudzi ndi Bafa Zikamabweza Madzi

Mwagejemula, koma madzi m'malo motsika akukwera mpaka kufika m'milomo mwa mtondo wa chimbudzi. Musanadziwe chochita, kubafa kwayamba kumveka gubudugubudu, ndipo pakabowo ka shawa pakutumphuka madzi akuda a fungo la kuchimbudzi. Ambiri zikatero amathamangira kusitolo kukagula mankhwala otsegulira paipi. Ena amatenga waya n'kuyamba kutokosa pakabowo ka shawa, ena amaitana mmisiri kuti agumule pansi pa bafa. Konseku n'kutaya ndalama ndi nthawi. Chimbudzi ndi bafa zikabweza madzi nthawi imodzi, chotseka sichili m'chimbudzimo ndiponso sichili m'bafamo. Chili panja, m'paipi yaikulu yomwe ziwirizi zimagawana, ndipo chida chofikira kumeneko ndi marodi.

Kapepala kano talembera eni nyumba, malandilodi, makomiti a sukulu ndi a matchalitchi, komanso oyang'anira nyumba za m'maesiteti muno m'boma la Kasungu. Ndalama ya fodya ikatuluka ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, ambiri masiku ano akumanga nyumba za chimbudzi ndi bafa m'kati, osati pa boma pokha komanso pa Santhe, Mtunthama, Chamama, Chatoloma ndi Nkhamenya. Nyumba zotere zimadalira sepitiki thanki yakeyake. A Central Region Water Board amakufikitsirani madzi pa mita; akalowa m'nyumba n'kutuluka ali akuda, nkhani ndi yanu.

Njira ya madzi pansi pa bwalo lanu

Kuchokera pamtondo pamatuluka paipi yaikulu ya pulasitiki ya mamilimita 110. Ya shawa ndi ya sinki n'zazing'ono, za mamilimita 40 kapena 50, ndipo zimakathira kunja kwa khoma pakadzenje kokhala ndi sefa. M'nyumba zina madzi a kubafa amalowera kwaokha kudzenje la miyala, koma m'nyumba zambiri amakakumana ndi a kuchimbudzi m'paipi imodzi yopita kuthanki. Panjirapo mmisiri wabwino amasiya timaenje ta njerwa tokhala ndi chivundikiro cha simenti, mamanhole, makamaka pokhota ndi pokumana mapaipi. Kuthanki zolemera zimadikha n'kumawola, ndipo madzi apamwamba amapitirira kudzenje la miyala lija, sokawe, kumene amalowa m'nthaka.

Paipi yogawanayo ikatseka, madzi omwe mwagejemula amasowa kolowera, amabwerera n'kukatulukira pamalo otsika kwambiri m'nyumba. Malo amenewo ndi pansi pa shawa. Shawayo ilibe mlandu, yangokhala m'munsi.

Choncho yambani ndi kuyesa musanagwire chida chilichonse. Ngati chimbudzi chokha ndicho chikukana koma kubafa madzi akuyenda, chotseka chili pakhosi pa mtondo, ndipo mphira wopopera uja wa chigwiriro cha mtengo ukwanira. Ngati shawa yokha ndiyo ikudikha, n'tsitsi ndi sopo pakabowo, chotsani sefa mukoke ndi kawaya kopinda. Marodi ndi a pamene ziwiri zonse zagwirizana zokana.

Chidacho

Marodi ndi ndodo za pulasitiki yolimba koma yopindika, iliyonse yotalika pafupifupi mita imodzi. Kumapeto konse zili ndi mazinga a chitsulo chachikasu chosachita dzimbiri, kwina aamuna kwina aakazi, moti mumalumikiza imodzi pa inzake mpaka mutafika pomwe patseka. Nthawi zambiri amagulitsa mtolo wa ndodo 10, ndipo panyumba wamba umenewo ndi wokwanira, chifukwa kuchoka pa manhole ina kufika pa inzake sikawirikawiri kupitirira mamita 10. Kuhadiweya mukafunse kuti drain rods. Mukawasowa pa boma, ku Malangalanga ku Lilongwe ndiko kofunsa.

Mtolo umabwera ndi mitu itatu. Woyamba ndi mphira wobulungira wa mamilimita 100, womwe umadzaza paipi yonse n'kumakankha madzi kutsogolo kwake; ntchito zambiri zimathera pa umenewu, chifukwa chomwe chimagwetsa chotseka si ndodoyo koma mphamvu ya madzi opanikizidwa. Wachiwiri ndi wazitsulo ziwiri zopotana, wokola nsanza, matewera, majumbo ndi timizu kuti muzikokere kunja. Wachitatu ndi kachitsulo kopalira matope ndi mchenga wodikha pansi pa paipi.

Pogula, lumikizani ndodo ziwiri pomwepo muone ngati mazinga akugwirana bwino osagwedera. Pindani imodzi pabondo: iyenera kupindika n'kubwerera, osachita mzere woyera. Alipo marodi okhala ndi kaloko polumikizira, omwe samasuka ngakhale mutapotoza mbali iliyonse. Ndi odulirapo, koma ngati chidacho chizidutsa m'manja ambiri, monga pasukulu kapena pamdadada wa nyumba za lendi, gulani amenewo.

Magetsi safunika, mafuta safunika. Amene ali ndi paipi yakuda yothiririra dimba kapena nazale, ya mamilimita 20 kapena 25, angayesere nayo pa chotseka chofewa, ndipo nthawi zina imathandiza. Koma chitsulo chomangira lintala ndi nsungwi ayi. Chitsulo chimaboola paipi pokhota, nsungwi imathyokera m'kati, ndipo zikatero khasu ndi piki sizingalephereke.

Pezani kaye pomwe patseka

Uzani a m'nyumba onse aleke kugwiritsa ntchito madzi: osagejemula, osasamba, osatsuka pasinki. Ana ndi ziweto akhale kutali. Valani magambutsi ndi magolovesi a mphira ofika m'mikono, ndipo ngati muli ndi bala pamkono kapena paphazi, ntchitoyi musiyire wina.

Tsegulani manhole yoyandikana ndi nyumba. Tukulani chivundikiro ndi fosholo kapena piki, muli awiri, ndipo musunthe kaye mpweya utuluke musanasuzumire. Kenaka tsegulani yotsatira, mpaka kukafika pathanki. Zomwe muone zikuuzani zonse. Manhole yodzaza imatanthauza kuti chotseka chili kumunsi kwake. Manhole youma, yongooneka kangalande kake pansi, imatanthauza kuti chotseka chili kumtunda. Chili pakati pa yodzaza yomaliza ndi youma yoyamba. Ngati yoyamba yeniyeni ili youma pomwe m'nyumba madzi akubwerera, chatsekera pakati pa nyumba ndi manholeyo. Ngati zonse zadzaza mpaka pathanki, werengani kaye gawo la thanki m'munsimu musanatulutse thukuta pachabe.

Nyumba zina zilibe manhole, kapena mwini wake anaikwirira ndi simenti pokonza khonde. Pamenepo yang'anani kuseri kwa khoma la chimbudzi: paipi yaikulu potuluka imakhota, ndipo pokhotapo nthawi zambiri pamakhala kachitsekerero komasula ndi dzanja. Pomasula imani cham'mbali, nkhope kutali, mumasule pang'onopang'ono. Zonse zomwe zaunjikana m'paipi zikudikira pomwepo, ndipo zimatuluka ndi mphamvu.

Kagwiritsidwe kake

Musanayambe, tsekerani fosholo kapena kachidutswa ka waya wa khola la nkhuku potulukira pa manhole youma ija, ndipo muimikepo munthu. Chotseka chikagumuka chimathamangira kumeneko. Mukapanda kuchigwira chikatsekanso patsogolo, kapena chikalowa m'thanki momwe sichiwola.

Mangani mutu wa mphira pa ndodo yoyamba, mulumikize ziwiri kapena zitatu, ndipo mulowetse m'manhole yodzazayo. Pakamwa pa paipi simupaona chifukwa cha madzi, muchita kufufuza ndi ndodoyo: tsatani kangalande ka pansi kulowera mbali ya kuthanki mpaka mutamva kuti mutu walowa. Kankhani. Ndodo ikatsala pang'ono kuthera m'madzi, onjezani ina.

Lamulo lalikulu la marodi ndi ili: potozerani kumanja kokhakokha, monga mukutseka chitsekerero cha botolo. Polowetsa kumanja, pokankha kumanja, potulutsa kumanjanso. Mukangobweza dzanja kumanzere ngakhale kamodzi, mazinga amamasuka pansi pa nthaka pomwe simukuona, mumakoka n'kupeza m'manja mwanu muli ndodo zinayi, zinazo pamodzi ndi mutu zatsala m'paipi. Munali ndi chotseka chimodzi, tsopano muli ndi ziwiri, ndipo chachiwiricho n'cholimba kuposa choyamba. Aliyense wobwereka chidachi muziyamba mwamuuza zimenezi asanatuluke pageti.

Mukafika pachotseka mudzamva ndodo ikulimba. Musalimbane nacho ngati mukubaya. Kankhani ndi kubweza, kankhani ndi kubweza, mtunda wa dzanja limodzi, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Pokhota paipi napo ndodo imalimba, koma kulimba kwake n'kosiyana: pokhota imagunda gwa ndipo mukapotoza pang'ono imadutsa, pomwe pachotseka imamveka fwanthu, ngati ikumira m'chinthu chofewa. Chikagumuka simudzafunsa munthu. Paipi imalira, madzi a m'manhole amazungulira n'kutsika msangamsanga, ndipo mnzanu wa kumunsi uja amakuwa.

Mphira ukalephera, tulutsani ndodo zonse, muwerenge kuti zinalowa zingati, muike mutu wopotana uja. Lowetsani mpaka pamalo omwewo, potozerani kumanja kangapo kuti ukole, ndipo mukoke pang'onopang'ono. Zomwe zatuluka zikuuzani chomwe chikuchitika panyumba panu. Kuwerenga ndodo kuli ndi phindu linanso: ngati paipi ikutseka kawirikawiri pa ndodo yachisanu ndi chimodzi, pimani mamita 6 pabwalo, muone chomwe chili pamenepo. Nthawi zambiri mupezapo mtengo, kapena njira yomwe pamadutsa ngolo ndi thirakitala.

Madzi akatsika, ntchito sinathe. Bwerezani ndi mutu wopalira, kenaka thirani ndowa zitatu kapena zinayi zodzaza m'manhole yapamwamba, iliyonse mokhuthula kamodzi, wina akuyang'ana kumunsi kuti madzi akudutsa mothamanga. Zomwe mwavuula musazitaye kuseri kwa nkhokwe kapena m'ngalande ya mumsewu. Kumbani dzenje kutali ndi chitsime muzikwirire.

Pomwe marodi sangathandize

Thanki ikadzaza matope, ndodo sizingachite kanthu. Tsegulani chivundikiro chake muone: madzi ayenera kukhala m'munsi pang'ono mwa paipi yolowera. Ngati paipiyo yamira, vuto lili pathanki kapena kusokawe. Kulungani nsalu yoyera pamtengo wautali, muuzike mpaka pansi, mudikire pang'ono n'kuuzula. Matope akuda akadetsa nsaluyo kufika theka la kuya kwa madzi, yakwana nthawi yopopa. Pabanja wamba izi zimachitika pakatha zaka zitatu mpaka zisanu. Pamdadada wa lendi kapena pasukulu zimafulumira. Funsani ku khonsolo ya tauni ya Kasungu kapena kwa alangizi a zaumoyo za opopa ovomerezeka ndi kokataya.

Munthu asalowe m'thanki, ngakhale itapopedwa, ngakhale mwagwera foni. Muli mpweya woipa womwe umakomola munthu asanathe kukuwa, ndipo wolowa kukapulumutsa mnzake amagwera momwemo. Mpweya wina wa mmenemo umayaka, choncho ndudu, machesi ndi koloboyi zisayandikire. Kuno kwathu fodya ali paliponse, ndipo waganyu wosuta akutsegula thanki si wachilendo. Muletseni.

Pali vuto la dzinja. Panyumba zomangidwa m'mbali mwa madambo, Januwale ndi Febuluwale nthaka imakhuta madzi, sokawe imaleka kumwa, thanki imasefukira m'mbuyo, ndipo chimbudzi chimakana ngakhale paipi ili yoyera. Chizindikiro chake n'chakuti vutolo limabwera ndi mvula n'kuchoka ndi ng'amba, ndipo pamwamba pa sokawe pamachita chinyontho ndi udzu wobiriwira mopitirira. Mankhwala ake ndi kukumba sokawe ina pamalo okwera kapena ngalande yaitali ya miyala, kuonetsetsa kuti madzi a padenga sakulowa m'mamanhole, ndi kuchepetsa madzi ochapira olowa m'thanki. Sokawe ikhale mamita 30 kapena kupitirira kuchokera pachitsime kapena pamjigo. Ndipo musakwirire chimbudzi chokumba chifukwa choti mwamanga chogejemula. Tsiku lomwe paipi yatseka, kapena pampopi pauma, banja lonse lidzalowera komweko.

Mizu nayo ndi nkhani. Alimi a fodya amadzala bulugamu wambiri wa milimo ya zigafa ndi nkhuni za mabani, ndipo n'zoyamikika, koma bulugamu, malaina ndi mango zili ndi mizu yosaka madzi patali. Chilimwe cha ku Kasungu n'chachitali. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala malo onyowa pabwalo lonse ndi paipi ya chimbudzi basi. Kamuzu kochepa ngati ulusi kakapeza polumikiza pomwe sanamate bwino, kamalowa n'kuchita chiputu m'kati. Mutu wopotana umazula timizuto ndipo madzi amayenda, koma pakapita miyezi timaphukanso. Pamenepo kumbani, musinthe chigawo cha paipicho, ndipo mtengowo muuganizire bwino.

Chomaliza ndi kamangidwe. Paipi ya mamilimita 110 iyenera kutsetsereka masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse. Dera lathu ndi lachidikha, ndipo mmisiri wofuna kupewa kukumba thanki yakuya amaigoneka paipi pafupifupi mowongoka. Nyumba yotero imatseka mwezi ndi mwezi ngakhale a m'nyumba asamale chotani. Amene mukumanga chaka chino, imani pomwepo tsiku loyala mapaipi, muone levulo ndi maso anu, muthire ndowa ya madzi asanakwirire, ndipo mukane kulipira ngati pokhota palibe manhole.

Zomwe zimatseka

Amisiri akavuula, zomwe zimatuluka n'zodziwika: matewera otaya, zovalira amayi pa nthawi yawo, makondomu, majumbo, nsanza, mapepala a m'kope ndi nyuzipepala, ndipo nthawi zina zitsononkho. Mlendo wochokera kumudzi, kapena wantchito amene wabwera nyengo yothyola ndi kusoka fodya, sanalakwe dala. Chimbudzi chokumba chimalandira chilichonse, ndipo palibe anamuuza kuti ichi n'chosiyana. Kumuuza kumachititsa manyazi, n'zoona, koma njira ilipo: ikani ndowa ya chivundikiro pambali pa mtondo, tishu akhalepo nthawi zonse, ndipo nkhaniyo ipite kudzera kwa woyenera, amayi kwa amayi anzawo, abambo kwa abambo anzawo.

Ziwiri zina anthu saziganizira. China ndi mchenga ndi phulusa zokwechera mapoto. Zikalowa pasinki kapena pakadzenje ka panja zimadikha pansi pa paipi, zimagwirana ndi mafuta a ndiwo ndi makoko a nsima, n'kuuma gwa. Mapoto azikwechedwa pabwalo, madzi ake azithiridwa pansi.

Chinacho ndi kugejemula ndi madzi ochepa. Madzi akasiya pampopi, monga zimachitikira miyezi yotentha damu la Chitete likatsika, anthu amasunga madzi m'zigubu ndipo kuchimbudzi amangothira kajagi kamodzi, bola mtondo uoneke woyera. Zonyansa zimachoka pamaso koma sizifika kuthanki. Zimaima pakati pa paipi n'kuuma, za mawa zimadzatsamira pomwepo. Kathanki ka chimbudzi kamatulutsa malita 6 mpaka 9 nthawi imodzi, ndipo paipi anaipangira muyeso umenewo. Ngati mukuthira ndi dzanja, thirani theka la ndowa ya malita 20 mokhuthula kamodzi, osati modontheza. Madzi ochapira ndi osambira ndi abwino pa ntchito imeneyi, musawataye. Ngati madzi ndi osowa kwenikweni, khomani chitseko cha chogejemula, onse apite kokumba.

Za mankhwala otsegulira paipi, ife sitikulimbikitsa. Soda wowotcha wa m'mankhwalawa sangasungunule thewera kapena muzu womwe uli mamita 8 kuchokera pamtondo. Amangodikha m'madzi oima, ndipo wodzalowetsa ndodo pambuyo pake amamuthovukira m'maso ndi m'manja. Akafika kuthanki amapha tizilombo towoletsa zonyansa, thanki n'kudzaza msanga. Ngati mwathira kale, muuzeni wogwira ntchitoyo, ndipo musaphatikize mankhwala aliwonse ndi Jik, chifukwa ena akasakanizidwa amatulutsa mpweya wopweteka m'mapapo.

Kutsuka pambuyo pake

Madzi omwe anatumphukira m'bafa ndi a kuchimbudzi, ndipo umo ndi momwe ana amasamba opanda nsapato. Tonse tikukumbukira kolera yemwe anayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023, anafika m'maboma onse a dziko lino ndipo anapha anthu oposa 1,700, moti mliriwo uli mkati boma linakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera mu Febuluwale 2023. Taifodi ndi matenda ena otsegula m'mimba amayendanso njira yomweyi. Kolopani kaye ndi sopo, kenaka sakanizani kapu imodzi ya Jik ndi makapu 6 a madzi, muwaze pansi ndi m'munsi mwa makoma, mudikire mphindi 10 musanatsukuluze. Ngati muli ndi klorini wochokera kwa alangizi a zaumoyo, afunseni muyeso wotsukira pansi, chifukwa ndi wosiyana ndi wothira m'madzi akumwa. Pabwalo pomwe panatayikira zonyansa palani dothi lapamwamba mukwirire. Ndowa yomwe yagwira ntchitoyi ilembedwe chizindikiro, isabwererenso kukatunga madzi akumwa. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya, foni kapena mwana.

Marodi nawo atsukeni imodziimodzi pamene mukumasula, muwapukute ndi madzi a Jik aja, muumitse pamthunzi. Dzuwa limaumitsa pulasitiki n'kuyamba kuthetheka. Pakani girisi pang'ono pamazinga, muwerenge ngati zakwana 10, mumange mtolo, mitu itatu muiike m'thumba lake n'kumangirira pomwepo.

Banja limodzi lingagwiritse ntchito chidachi kamodzi kapena kawiri pachaka, choncho si nyumba iliyonse yofunika mtolo wake. Kalabu ya alimi, gulu la banki mkhonde, komiti ya sukulu kapena malandilodi oyandikana angasonkherane n'kugula umodzi, n'kusankha munthu mmodzi wosunga. Wobwereka azilemba dzina m'kope, azisiya kangachepe kogulira magolovesi ndi ndodo yolowa m'malo mwa yothyoka, ndipo powerengera pobweza onse awiri akhalepo. Mnyamata kapena mtsikana amene waphunzira kuwerenga mamanhole ndi kugwira marodi bwino angapezepo ganyu wa chaka chonse pa boma ndi m'matauni ang'onoang'ono. Nthawi yabwino yogula ndi ya msika wa fodya, ndalama zikadali m'manja, ndipo Okutobala asanathe tsegulani mamanhole onse, mudutsitsemo ndodo kamodzi ndi kupima thanki mvula isanagwe.